Mamailosi Amene Dona Sanayende

Harrison Mbewe analakwira Cephas Nyirenda m'nyengo yozizira ya chaka cha 1994, m'tauni ya Kafue, ndipo anamulakwira uku akumusekerera ndi kumutchula kuti m'bale mwa Ambuye. Sanamumenye, sanamupise m'thumba. Anangotembenuza timanambala m'kati mwa mita ya galimoto yakale, ukwati umene unali utatsala pang'ono kupsa n'kugwera m'phulusa.

Zinali zaka zimene mafakitale anayamba kutsokomola. Amuna amene anachoka kum'mawa ali anyamata kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya nsalu ankangokhala pansi pa mitengo ya mango mu Nangongwe, kuyang'ana maminibasi akuthamangira ku Lusaka. Salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, anadzaza msika. Aliyense anasanduka wamalonda, ndipo wamalonda aliyense anali ndi bodza lake loweta.

A Lastone Sakala, bambo ake a Mwandida, mtsikana amene Cephas ankafuna kukwatira, anali mmodzi wa ochotsedwa ntchito ku fakitale ya nsalu. Chimene anatsala nacho chinali Dona, galimoto yakuda ya msana wozungulira imene anagula kwa mzungu wa njanji pamene mzunguyo ankabwerera kwawo. Petulo atakwera mtengo, Dona ankatuluka Lamlungu lokha. Mkuluyu sankakhulupirira boma, abusa, ngakhale akazi awo. Ankakhulupirira mita ya Dona. Ankati munthu amanama koma mita sinama, ndipo madzulo alionse ankasuzumira pawindo kuwerenga manambala, kuopa kuti wina waiyendetsa iwo atatembenuka. Tsono m'dzinja muvi wa liwiro unagwa osadzukanso, manambala n'kuima. Iwo anapitiriza kuwasuzumirabe miyezi yonseyo mpaka anawaloweza ngati dzina la mwana wawo.

Cephas anali makanika wa pansi pa malata, m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Iye ndi Mwandida anadziwana ku mpingo watsopano wopemphera m'kalasi ya sukulu, umene a Sakala ankautcha mpingo wa anthu olira. Amalume ake a Cephas, a Timothy, anali atapereka kale mbale zovindikira zofunsira mbeta, ndipo mbalezo zinalandiridwa, ngakhale kuti zinalandiridwa ndi nkhope ya pamaliro. Kuyambira tsiku limenelo Cephas anakhala mkamwini. Akakumana ndi apongozi ake panjira ankapatuka n'kunyonyomala mu udzu. Mawu ake onse ankayenera kudzera pakamwa pa a Timothy.

* * *

Uthenga wa maliro utafika kuchokera ku Petauke, a Sakala anakwera basi, poti Dona sakanafika kutali choncho. Makiyi anasiyira akazi awo pamodzi ndi mawu akuti, ngati mnyamata uja ndi makanika weniweni, adzutse muviwo iwo asanabwere.

Cephas anakatenga galimotoyo n'kuiika pansi pa malata ake. Mawa lake Mwandida anatulukira ndi mbatata zootcha m'pepala, nati amayi ake amutuma kudzalondera Dona kuti asamugulitse. Cephas anakweza galimotoyo pajeke n'kulowa pansi chagada. Anamasula kebulo pamene imalumikizana ndi giyabokosi, nauza mtsikanayo kuti akhale pampando wa dalaivala ayang'anitsitse muvi. Kenako anapota waya wa m'kati ndi zala.

"Wayenda?"

"Awe. Wagona chabe monga iwe mu tchalitchi."

"Ine sinigona. Nimapemphera na maso otseka."

"Na mkonono?"

Cephas anaseka mpaka fumbi la pansi pa galimoto linamugwera m'kamwa. Anasolola waya uja wonse, napeza kuti sunaduke. Anatulutsa kagiya kakang'ono ka m'giyabokosi kamene kamazungulitsa wayawo, n'kuona kuti mano ake onse alipo. Matenda anali kumutu. Atamasula mita kudeshibodi n'kuitsegula, anapeza dzimbiri, girisi wouma gwa, ndi mphemvu zakufa kalekale. Anati imeneyo yatha, yofunika ndi ina.

Chimwemwe cha Mwandida chinathera pomwepo. Anati bambo ake amakonda kamsomali kalikonse ka galimotoyo kuposa mmene amakondera anthu, ndipo akadzamva kuti wina wachotsa chinthu chimene mzungu wawo anasiya, sipadzakhala mtendere. Cephas anamugwira dzanja, n'kumusiyira zala zakuda pakhungu. Mwandida sanapukute.

Apo ndi pamene hutala inalira kumsewu, ndipo m'minibasi munatsika nsapato zoyera.

* * *

Harrison anali ndi maminibasi awiri, komanso ankagulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ku Lusaka. Ndiye ankatsogolera achinyamata ku mpingo kuja. Chaka chapitacho anafunsira Mwandida n'kukanidwa, ndipo atamva za Cephas anabwera yekha kudzamugwira chanza, nati chimene Mulungu wapereka munthu sangachitsutse. Cephas, poti anali wa mtima wa mwana, anakhulupirira. Kwa a Sakala, Harrison sanasiye kupitako. Iye sanali mkamwini, choncho ankakhala nawo m'kati mwa Dona pansi pa mango, kumvetsera nkhani za m'masiku a azungu ndi kugwedeza mutu.

"Shani, m'bale? Ba mulamu, muli bwanji?" anatero, diso lake likutera pa zala zakuda zija padzanja la Mwandida n'kuchokapo msanga.

Atamva vuto, anati ndi laling'ono. Ankadziwa malo ku Lusaka kumene mitembo ya magalimoto akale imaunjikidwa, ndipo mita yofanana ndendende ndi imeneyo ikapezeka. Cephas anadandaula kuti manambala adzasiyana. Harrison anamenya pachifuwa, nati ali ndi munthu wake amene ntchito yake ndi yomweyo, yobweza manambala a magalimoto a malonda, ndipo akamupatsa mita yakaleyo akalinganiza zonse kuti zifanane. Anawonjeza malangizo ena mwaulere.

"Ba mudala usabauze ati wachinja. Kamba chabe ati nakonza. Mtima wao ukhale pansi, na iwe ukwatire."

Anatenga mita yakale ija n'kuikulunga m'nyuzipepala ngati mwana wakhanda. Lachisanu anabweretsa ina, yagalasi lowala, nkhope yake ngati mapasa ndi yoyamba ija. Za yakaleyo anati waiiwala kwa munthu wake uja, adzabwera nayo. Anakana kulandira kanthu. Masiku amenewo munthu akakana kulandira kanthu unkayenera kuwerenga zala zako, koma Cephas anangomukumbatira.

* * *

Loweruka masana anamanga mita ija, napaka girisi pawaya, nalumikiza kebulo mbali zonse ziwiri. Chinatsala ndi kuyesa pamsewu. Mwandida anali ndi ulendo wa ku Shimabala, ku msonkhano wa achinyamata wogonera komweko. Bambo ake sakanamulola kugona kunja, koma anali ku Petauke, ndipo amayi ake anatseka diso limodzi. Cephas anati amuperekeza, ayesere muvi panjira.

Anadutsa pamsika pang'onopang'ono, Mwandida ali kutsogolo, pampando wa amayi ake. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuthira madzi pa tomato wawo. Pa siteshoni ya maminibasi Harrison anawabayibitsa ndi manja onse awiri.

Atalowa mumsewu waukulu, muvi unanjenjemera pang'ono, kenako unanyamuka bwinobwino ngati munthu wochira. Mwandida anaombera m'manja, nachenjeza kuti bambo ake sapitirira pa fote. Ananena kuti tsiku la ukwati akufuna kukwera Dona yemweyo, atamangidwa maliboni oyera kuyambira pamphuno mpaka kumchira. Cephas anamulozera minda ya masamba m'mbali mwa msewu, nati adzapeza kamalo kumeneko, kutali ndi utsi ndi apongozi.

"Na mbuzi?"

"Na mbuzi, na bana ambiri kuchila mbuzi."

"Uzabala wekha."

Njira yonseyo Cephas ankayang'ana zinthu ziwiri, muvi ndi khosi la Mwandida. Timanambala ta pansi pa muvi sanatiwerenge. Anangoona kuti tikuyenda, nakhutira.

Atamutsitsa ku Shimabala anabwerera yekha. Pofika anaona kuti mafuta akudontha pamene kebulo imalowa m'giyabokosi, ndiye sanafune kubweza galimoto yodontha. Dona anagona kuseri kwa malata, ndipo anabwerera pansi pa mango wake Lamlungu dzuwa litapendeka, nthawi yomwe Mwandida nayenso ankalowa pakhomo ndi kachikwama kake.

* * *

Lachiwiri m'mawa Mwandida anafika ku malata maso atatupa. Anakamba ataimirira, osafuna kukhala.

Bambo ake anabwera dzulo lake. Amene anawatola ku Lusaka atatsika basi ya kum'mawa anali Harrison, ndipo anawakhazika kutsogolo osawalipiritsa. Panjira anawauza kuti iye sakonda kunena za anthu, koma kondakitala wake wina akuti anaona Dona Loweruka atawoloka mlatho wa Kafue, akukhotera njira ya ku Siavonga, kunyanja kumene amuna amapita ndi akazi osakhala awo. Mkuluyo atafika pakhomo sanasambe n'komwe m'manja monga amachitira munthu wochokera ku maliro. Analunjika pawindo la Dona. Manambala anali atadumpha ndi mamailosi pafupifupi mazana awiri, mtunda wa ku Siavonga kupita ndi kubwera, pamene Shimabala ndi pamphuno pomwepa.

Sanamumenye. Anangomufunsa mwana wawoyo kumene anagona Loweruka. Atayankha, anzake a kumpingo anabwera kudzachitira umboni, koma a Sakala anati atsikana amafunda chitenje chimodzi. Anaitanitsa mtsogoleri wa achinyamata. Harrison anazolika, nati anthu anali ambiri, nyali zinali zochepa, ndipo iye sangalumbire pamaso pa Mulungu kuti anamuona.

Cephas anataya sipanala pansi n'kuthamangira ku siteshoni. Anapeza Harrison akupukuta nsapato zake pasitepe ya minibasi.

"Nipase mita yakudala ija."

"Mita iti, m'bale?"

Cephas anamuyang'ana m'maso, ndipo zonse zinamuonekera nthawi imodzi, mochedwa monga zimaonekera kwa anthu abwino. Anamugwira pakolala. Anyamata oitanira okwera anamukhamukira n'kumukankhira m'fumbi, anthu onse a pa siteshoni akuonerera. Harrison anawongola malaya ake modekha, nanena mokweza kuti aliyense amve.

"Nakukhululukira, m'bale. Ni chiwanda chabe."

* * *

Kwa a Sakala Cephas sakanapita yekha. Mwambo unali utamumanga pakamwa. Anapita kwa a Timothy, amene anakalambira pa ntchito yolumikiza mabogi a sitima ndipo za galimoto ankangodziwa kukwera. Anawafotokozera za kebulo, za kagiya, za mita ziwiri zofanana nkhope. A Timothy ankagwedeza mutu, koma maso awo anali pa nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo.

Mkuluyo anati nyumba ikamapsa suyamba ndi kufunsa amene wayatsa, umayamba wathira madzi. Ukali wa mpongozi sauzimitsa ndi sipanala. Munthu umapita ndi nkhuku yoyera, umagwada, umapepesa, ndipo mtima wa mkulu ukazizira m'pamene umalowetsa nkhani zako za mawaya.

"Amalume, musakapepese. Sindinalakwe. Mukangowauza kuti mita ndi ina."

"Unabadwa liti iwe? Milandu ya maukwati ndayamba kuikamba amako asanamere mano."

Anapita Lachinayi masana, nkhuku ili kukhwapa. Cephas anawatsatira n'kunyonyomala kuseri kwa mpanda wa maluwa, pamene ankatha kumva zonse. A Sakala anali ataitana akuluakulu awiri oyandikana nawo, amuna a kum'mawa ngati iwo, ndipo akazi anali atakhala pamphasa chapatali. A Timothy anagwada, naika nkhuku pansi miyendo itamangidwa, naomba m'manja mwaulemu.

"Tagwa pamapazi anu, a Sakala. Mwana ndi mwana. Walakwa, ndipo ife eni ake tabwera kudzapepesa."

A Sakala anatembenukira kwa anzawo aja.

"Mwamva nokha. Ine sindinawakakamize."

Amayi ake a Mwandida anaphimba nkhope ndi chitenje. A Timothy anazindikira kuti madzi awo athira pamafuta, nayamba kukamba za mita mothamanga, akusakaniza kebulo ndi batire, giyabokosi ndi injini, mpaka mmodzi wa akuluakulu aja anayang'ana kumbali. A Sakala anawasiya amalize. Kenako anati mita ya Dona amaidziwa ngati chikhatho chawo, ndipo ndi yomweyo. Ngati ndi ina, yawoyo ili kuti? Nanga munthu wosalakwa amagulira nkhuku chiyani?

Cephas analephera kupirira. Anaimirira, mutu wake n'kutulukira pamwamba pa mpanda.

"Atate, ndimvereni ine mwini. Mwana wanu sanapite kulikonse."

A Sakala sanamuyang'ane. Anafunsa a Timothy ngati kwawo akamwini amalankhula ndi apongozi pamwamba pa mpanda ngati ogulitsa makala. Atatero anatuma akazi awo m'nyumba. Mbale zija zinatuluka zivindikiro zili padera, n'kuikidwa pansi pafupi ndi mawondo a a Timothy. Nkhuku inatsala, poti inali ya mlandu.

* * *

Panapita masiku Mwandida osaoneka. Atabwera, anaima kunja kwa malata, padzuwa, ngati kasitomala wachilendo. Anali atawonda, ndipo kumutu anamanga duku ngati wofedwa.

"Nkhuku ija inali ya chani, Cephas?"

Iye anayamba kufotokoza kuti anawaletsa amalume ake, koma mtsikanayo anamudula. Anati bodza la Harrison akanatha kulimbana nalo, chifukwa linali bodza la munthu wakunja. Koma tsopano a kwa mwamuna wake ndi amene anagwada pamaso pa anthu n'kuvomera m'malo mwake chinthu chimene iye sanachite, osamufunsa n'komwe. Ku mpopi akazi sakumutchulanso Mwandida. Akamuona akubwera ndi ndowa amati Siavonga wafika. Bambo ake alamula kuti mwezi ukatha apite ku Petauke kwa azakhali ake, akakhale kumeneko mpaka atapezeka mwamuna wosafunsa zambiri.

Cephas anati athawe onse awiri, apite ku Kitwe kapena kulikonse. Mwandida anaseka kuseka kopanda mano, nati akathawa ndiye kuti Siavonga uja wasanduka woona mpaka imfa. Iye ankafuna dzina lake, ndipo dzinalo linali m'mita yakale ija. Bambo ake akaiona ndi maso, manambala ake ataima pamene anaimira m'dzinja, adzakhulupirira, chifukwa chitsulo ndicho amamvera.

Kenako ananena chimene anabwerera. Harrison anamupeza kumsika. Akuti mtima ukumupweteka ndi mmene zinthu zayendera, ndipo mita ija ikadali kwa munthu wake ku Lusaka. Loweruka amutenga akaitenge limodzi, kuti Mwandida adzaipereke kwa bambo ake ndi manja ake.

"Usayende."

"Uli na njira ina?"

"Nizayenda naiwe."

"Akamba ati ukabwera iwe, sayenda. Ati unamuchitisa nsoni pa siteshoni."

"Mwandida, uja munthu ni njoka."

"Niziba. Manje njoka ndiye ili na dzina langa mukamwa."

Cephas anatambasula dzanja. Mwandida anayang'ana zala zakuda zija, nabweza dzanja lake m'chitenje, n'kutembenuka kulowera ku Nangongwe.

* * *

Loweruka kunacha ndi mphepo yozizira yochokera kumtsinje. Cephas anafika ku malata m'mamawa, koma sanatsegule bokosi la zitsulo. Anaima m'mphepete mwa msewu manja ali m'khwapa, pafupi ndi gulu la anthu odikira ulendo wa ku Lusaka, amayi a mitolo ya masamba ndi amuna ovala majekete a salaula opita kukafuna ntchito zimene kunalibe.

Minibasi ya Harrison inatulukira dzuwa litakwera pang'ono. Anthu aja anaimika manja, ena n'kuyamba kunyamula katundu. Sinaime. Munalibe kondakitala, ndipo mipando yonse yakumbuyo inali yopanda munthu. Harrison ankayendetsa yekha, atavala tayi. Pambali pake panali Mwandida, duku lili kumutu, maso ali kutsogolo. Cephas anakuwa dzina lake, nathamanga m'mbali mwa phula mpaka mpweya unamuthera, koma galasi linali lotseka, ndipo minibasiyo inakwera chitunda n'kuzimirira cha ku Shimabala.

Mita yakale ija sinali ku Lusaka. Inali m'matope pansi pa mlatho wa Kafue kuyambira tsiku limene Harrison anailandira.